Njinga ya kabaza imene inadya mabatire atatu pa miyezi 10

Ndimakonza njinga zamoto ku Ulónguè, m'boma la Angónia, ku Mozambique. Nkhani iyi ndailemba makamaka chifukwa cha anyamata amene akuphunzira ntchitoyi, komanso chifukwa pakati pake inenso ndinaphonya, ndipo kuphonyako n'kumene kunandionetsa pamene panali vuto. Mwini njingayo sindimutchula dzina. Ndi bambo wa kabaza wa cha ku Dómuè. Masiku wamba amanyamula anthu, koma nyengo ya mbatatesi ndi tomato amamanga katundu n'kutsika naye ku Mussacama, nthawi zina kulowa msewu wa N7 mpaka ku Moatize.

Njinga yawo ndi ya 150cc, ya ku China, mtundu uja wofala umene injini ndi mawaya ake anatengera pa Honda CG. Ili ndi sitata ndi kiki yomwe. Moto wa pulagi umachokera ku makoilo a mu injini, osati ku batire, n'chifukwa chake njinga zoterezi zimalira ndi kiki ngakhale batire litaferatu. Anthu ambiri amayenda choncho miyezi, osadziwa kuti pansi pa mpando pali chikuwonongeka.

Anafika m'mawa wina mu Januwale, mvula itagwa usiku wonse. Sanafune kuti ndiyeze chilichonse.

"Amisiri, ingondipatsani batire lenileni. Awa akutigulitsa masiku anowa ndi zinyalala. Ili ndi lachitatu."

Ndinawapempha akhale pa benchi andifotokozere kuyambira pa loyamba. Mbiri imeneyi inatenga nthawi kuposa kuyeza konse, ndipo ndiilemba mokwanira.

Batire loyamba ndi limene linabwera ndi njinga, la madzi, la zivindikiro 6, mphamvu yake 7 Ah (Ah ndi muyezo wa moto umene batire limasunga). Linatha zaka zoposa 2 osavuta, ndipo madzi ankathiramo mwa apo ndi apo. Mu Malichi anapita kwa mnyamata wina wa zamagetsi kukaikitsa nyali ziwiri za LED zowalitsa njira usiku, sipika ya nyimbo, ndi potchajira foni. Pofika Epulo madzi a m'batire anayamba kutsika pa masabata awiri aliwonse. Madzi a m'botolo atawathera anathiramo a pa mjigo. Kenako munthu wina pamsika anawauza kuti batirelo lafooka chifukwa asidi watha, n'kuwawonjezera asidi. Kumapeto kwa Meyi, kuzizira kwa kuno kumtunda kutayamba, sitata inangoti kha! kha! basi.

Apa pali zolakwika ziwiri zimene ndimaziona sabata iliyonse. Chimene chimachoka m'batire likamatentha ndi madzi okha, asidi amatsala. Mukawonjezera asidi ndiye kuti mwamuwawitsa kuposa muyezo, ndipo amayamba kudya mapuleti a mtovu. Madzi a pa mjigo ndi a pachitsime ali ndi mchere wa m'nthaka umene umamatirira pa mapuleti omwewo. Ofunika ndi aja a m'botolo lolembedwa kuti água destilada, madzi opanda mchere uliwonse, palibenso ena.

Lachiwiri linali lotseka, losathira madzi, lotchipa, la 5 Ah. Linali laling'ono moti m'bokosi lake linkagwedera, ndiye analitsekera ndi makatoni. Linayenda kuyambira Juni mpaka Okutobala. Tsiku lina ali ku Moatize anamva fungo ngati la mazira owola, atatsegula anapeza batire latupa m'mbali ngati buledi. Amene anafikako kumusi kwa Zambezi mu Okutobala akudziwa: ku Tete ndi ku Moatize kutentha kumapitirira madigiri 40, pamene kuno ku Angónia mwezi womwewo usiku timafunda. Kutentha kumafulumizitsa chilichonse chimene chikuchitika m'kati mwa batire, chabwino ndi choipa chomwe. Batire lotseka likataya madzi ake kudzera pa kavalavu kake, palibe njira yowabwezera.

Lachitatu ndi limene linali panjinga tsikulo. Linali la saizi yoyenera, lolembedwa GEL ndi zilembo zikuluzikulu. Analigula mu Novembala. Nthawi ya Khirisimasi kunagwa maliro kwawo, njinga inakhala m'nyumba sabata yathunthu, ndipo atabwerako ngakhale hutala sinalire. Analitenga kupita nalo kwa anthu otchaja mabatire a galimoto ndi a sola pamsika. Analitchaja ola limodzi, n'kulibweza likutentha m'manja. Kuyambira pamenepo silinazungulitsenso sitata.

Ndinawafunsa funso limodzi lokha lowonjezera, ngati mababu akuwapsera. Anaseka. Anati babu la kumbuyo ndi a maindiketa amagula ngati machesi. Madzi otha msanga, batire lotupa, fungo la mazira, mababu opsa pafupipafupi: zonsezi zimaloza kumodzi, kuti njinga ikuthira moto wopitirira muyezo.

Kuyeza

Batire la njinga la 12 V lili ndi zipinda 6, chilichonse chimapereka pafupifupi 2.1 V. Lodzaza bwino, litapuma maola angapo, limaonetsa 12.6 mpaka 12.8 V. Likafika 12.2 V latsala theka. Lawo linaonetsa 10.6 V, imene ndi mphamvu ya zipinda 5. Chipinda chimodzi chinali chitafa, ndipo chotero sichidzukanso ngakhale mutachitchaja masiku atatu.

Simungayeze bwino kutchaja kwa njinga ndi batire lakufa, mita yoyezera moto imakunamizani. Ndinaikapo batire langa la pagaraja, lomwe linali pa 12.7 V.

Ndinayamba kiyi ali wozimitsa. Ndinamasula waya wa minus n'kulowetsa mita pakati pa wayawo ndi mutu wa batire, kuti ndione ngati pali chikuyamwa moto njinga ili chigonere. Mita inaonetsa 26 mA (moto wodutsa timauyeza mu A, ndipo 1,000 mA ndi 1 A). Potchajira foni paja anapalumikiza mwachindunji ku batire, ndipo kanyali kake kabuluu sikankazima usana ndi usiku. Nditapachotsa, mita inatsika kufika pansi pa 1 mA. Chiwerengerochi chimaoneka chaching'ono, koma 26 mA pa maola 24 ndi 0.6 Ah. Pa sabata imodzi ndi 4 Ah ndi kanthu, kuposa theka la batire la 7 Ah likakhala latsopano ndi lodzaza, ndipo lawolo silinali latsopano kapena lodzaza. Za sabata ya maliro ija zinamveka pamenepo.

Poliza ndi sitata moto unatsika kufika 10.4 V, ndiye sitata inalibe mlandu, chifukwa malire amene timayang'ana ndi 9.6 V. Injini ikulira pang'onopang'ono, nyali zonse ndi sipika zili zoyaka, ndinapeza 12.1 V, kutanthauza kuti njinga ikaima pa siteji batire limadyedwa m'malo modzazidwa. Nditakoka mafuta, nyali zili zozimitsa, inakwera kufika 14.9 V. Nditayatsa zonse, mafuta ali pomwepo, inafika 15.8 V. Njinga yabwino imayenera kukhala pakati pa 13.5 ndi 14.5 V.

Pamenepa ndi pamene ndinathamanga. Ndinangoti regulator, imene imasunga muyezo wa moto wopita ku batire, yafa, monga mmene aliyense akananenera. Ndinatenga yatsopano pa shelefu, n'kumanga, n'kuliza. Mita inaonetsa 15.7 V. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa anayang'ana pansi kuti ndisaone kuti akumwetulira.

Ndikanakhala kuti ndinadekha, chizindikiro chinalipo kale. Regulator yakufa siisankha. Moto umakwera kwambiri nyali zikakhala zozimitsa, ndipo mukayatsa nyali umatsikako chifukwa nyalizo zikudya. Apa zinali zotembenuka: kuyatsa zinthu zambiri kunkakweza moto wa ku batire. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine tsikulo ndinali ndi njinga zina zitatu zikundidikira.

Pamene panali vuto

Regulator ya njinga iyi ndi ya mawaya 5. Awiri amachokera ku makoilo, wofiira umapita ku batire, wobiriwira ndi wa massa, umene anzathu a ku Malawi amati ethi. Wachisanu, wakuda, ndi umene ambiri sitiuganizira. Waya umenewu umachokera kuseri kwa swichi ya kiyi, ndipo ntchito yake pa regulator ndi kuiuza kuchuluka kwa moto umene uli m'njinga. Regulator siliona batire. Imakhulupirira zimene waya wakuda waiuza. Ngati pakati pa batire ndi waya wakudawo pali pena pamene moto ukutayika, regulator imamva ngati batire lili ndi njala, ndipo imapitiriza kuthira mpaka waya wakudawo ufike pa muyezo umene inapangidwira.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Waya wofiira wa mita pa mutu wa plus wa batire, waya wina wa mita pa waya wakuda pa pulagi ya regulator, injini ikulira. Mita imakuonetsani kusiyana kwa malo awiriwo, ndipo pa njinga yabwino kumakhala kochepa kwambiri. Apa nyali zili zozimitsa ndinapeza 0.6 V. Zonse zitayaka, 1.5 V. Regulator inkasunga waya wakuda pa 14.3 V monga mwa ntchito yake. Onjezani 0.6 mupeza 14.9, onjezani 1.5 mupeza 15.8. Manambala anagwirizana ndendende ndi zimene ndinaona ku batire. Regulator yakale ija inalibe vuto lililonse.

Ndinayeza waya wa massa, chifukwa nawonso ukachita dzimbiri umabweretsa matenda ofanana, koma unali bwino. Kenako ndinatsata waya wofiira malo ndi malo. Pa chogwirira fyuzi panatayika 0.2 V, m'mapulagi 0.1 V, ndipo pa swichi ya kiyi pokha 1.2 V. Nditaitsegula swichiyo ndinapeza fumbi losakanikirana ndi madzi a mvula, timikuwa take titachita ndere zobiriwira, kasipuling'i kofooka, ndi pulasitiki yoyamba kusungunuka.

Mnyamata wa zamagetsi uja analumikiza nyali za LED ndi sipika pa waya wakuda, kuti zizizima ndi kiyi. Maganizowo sanali oipa. Koma nyali ziwirizo zokha zinkakoka pafupifupi 3 A, ndipo moto wonsewo unkadutsa m'swichi yaing'ono imene inali kale yakuda m'kati. Moto wodutsa ukachuluka pamalo pothina, wotayikanso umachuluka, ndipo malowo amatentha n'kuipiraipira. N'chifukwa chake vuto linayamba mu Malichi, n'chifukwa chake linkakula usiku pa maulendo aatali, komanso n'chifukwa chake amisiri ena awiri amene anaiyezapo masana, nyali zili zozimitsa, anangoti ikutchaja bwino. Sindikuwanena, 14.9 V munthu ukhoza kuilekerera ngati sunamve mbiri yonse.

Choncho mabatire aja ankaphedwa mbali zitatu. Pamsewu ankaphikidwa. Pa siteji, nyimbo zikulira injini ili pang'onopang'ono, ankakamidwa. Usiku potchajira foni pankayamwa kotsalako. Madzi a pa mjigo, asidi wa pamsika, makatoni ndi tchaja cha galimoto zinangofulumizitsa maliro.

Zimene ndinachita

Ndinaika swichi ya kiyi yatsopano ndi chogwirira fyuzi chatsopano, n'kutsuka mapulagi onse. Nyali za LED ndi sipika ndinazipatsa njira yawoyawo kuchokera ku batire, yokhala ndi fyuzi yake, kudzera pa relay, imene ndi swichi yodzutsidwa ndi moto wochepa kuti idutsitse moto wambiri. Waya wakuda tsopano umangodzutsa relay, katundu wolemerayo sadutsanso m'swichi. Potchajira foni ndinapasamutsira kuseri kwa relay yomweyo kuti kiyi akazima napo pazizima. Ndinabwezera regulator yawo yakale, yatsopano ija ndinaibweza pa shelefu ndipo sindinawalipiritse. Titaliza, ku batire kunali 14.4 V nyali zili zozimitsa, 14.5 V zonse zitayaka. Injini ikakhala pang'onopang'ono zonse zili zoyaka inkafika 12.4 V yokha. Pamenepo palibe chokonza, makoilo a njinga yaing'ono ali ndi malire ake. Ndinangowauza kuti akaima azizimitsa nyali zowonjezerazo.

Kusankha batire lachinayi

Apa tinakanganako pang'ono. Iwo ankafuna lalikulu, la 9 Ah, poganiza kuti lalikulu silifa. Ndinawauza kuti batire lalikulu likanaphikidwa chimodzimodzi, kungoti likanachedwako masabata ochepa, komanso silingalowe m'bokosi popanda kudula zitsulo. Anafunsanso za lithium zimene anaziona pa Facebook. N'zopepuka, n'zoona, koma n'zodula ndipo sizipirira moto wopitirira. Pa njinga imene yangochoka pa 15.8 V sindingalimbikitse munthu kuyika ndalama zake pamenepo.

Poyamba ndimayang'ana nambala yolembedwa pa batire limene njinga inabwera nalo. Pa nambala ngati 12N7, 12 ndi mphamvu ya 12 V, 7 ndi 7 Ah, ndipo zilembo zotsatira zimanena mbali imene kuli mitu ndi paipi yopumira. Pa mabatire otseka a nambala zoyamba ndi YTX, kalembedwe kamene kanachokera ku kampani ya Yuasa, chilembo L chimasonyeza kuti plus ndi minus zasinthana malo, ndipo BS amatanthauza kuti asidi amabwera m'botolo lake padera. Anthu amagula osayang'ana L ameneyu, kenako amakoka mawaya mokakamiza kuti afike, waya wa plus n'kumakhuza chitsulo cha njinga.

Ine ndimakonda batire limene limabwera louma, asidi ali padera, chifukwa silikalamba pa shelefu. Lothiridwa kale limayamba kutha tsiku limene linachoka ku fakitale, ndipo m'sitolo yofolera malata ya ku Tete limatha msanga kuposa kuno. Ngati mukugula lothiridwa kale, pitani ndi mita. Likaonetsa pansi pa 12.4 V lisiyeni, lakhalitsa. Linyamuleninso m'manja poyerekeza ndi lina la saizi yomweyo, chifukwa mphamvu ya batire ili mu mtovu, ndipo lopepuka kwambiri ndiye kuti mtovu wake ndi wochepa, zilembo za pakhungu zinene zimene zinganene. Ambiri olembedwa GEL amene ndawatsegulapo m'kati munali timapepala tonyowa ndi asidi ngati m'mabatire otseka wamba.

Pakati pa la madzi ndi lotseka, lililonse lili ndi pake. Lotseka silitayikira njinga ikagwa m'matope ndipo limapirira mabampu a misewu ya kumidzi. La madzi limafuna kuliyang'anira, koma limakuuzani zimene zikuchitika: madzi akayamba kutsika msanga mumadziwa kuti njinga ikuthira moto wambiri, ndipo mumakhala ndi mpata wolipulumutsa. Kwa bambowa ndinasankha la madzi, la 7 Ah, ngati loyamba lija, makamaka kuti likhale mboni yanga ngati ntchito yanga yagwiradi.

Sindinawalole kunyamuka nalo nthawi yomweyo, ngakhale anadandaula kuti tsiku likuwathera. Nditathira asidi kufika pa mzere wa pamwamba, ndinalisiya ola limodzi kuti mapuleti amwe, kenako ndinaliika pa tchaja chaching'ono pa 0.7 A. Lamulo lake ndi kugawa mphamvu ya batire ndi 10: la 7 Ah limafuna 0.7 A, ndipo likakhala lopanda kanthu limatenga maola pafupifupi 10. Tchaja cha mabatire a galimoto chimathira 10 A kapena kuposa, ndiye kabatire ka njinga kamawira, mapuleti n'kupindika. Batire latsopano loikidwa pa njinga osalitchaja kaye limalira ndithu, koma silidzafika pa mphamvu yake yonse. Tsikulo ndinawabwereka la pagaraja, lawo anadzatenga m'mawa mwake.

Pomanga ndinayamba ndi plus n'kumalizira minus, ndipo pomasula zimakhala zotembenuza, minus poyamba, kuti sipanala ikakhudza chitsulo pasathetheke moto. Mitu ndinaipaka Vaseline. Ndinaika lamba watsopano wa labala m'malo mwa makatoni aja, n'kulowetsa paipi yopumira kuti itulukire pansi, kutali ndi tcheni. Ufa woyera umene unali m'bokosi ndinautsuka ndi madzi osungunulamo soda wophikira.

Malangizo amene ndinawapatsa anali ochepa, chifukwa ambiri munthu sawasunga. Aziyang'ana madzi Lamlungu lililonse, njinga itaima mowongoka, ndipo akhale pakati pa mizere iwiri. Nyengo yotsikira ku Moatize aziyang'ana asananyamuke ndi pobwera. Njinga ikakhala yosayenda kupitirira masabata awiri amasule waya wa minus. Asalichotse kukayatsira nyali kapena wailesi kunyumba, chifukwa batire la sitata silinapangidwire kukamidwa mpaka pansi. Ndipo asasute fodya pafupi nalo likamatchajidwa, mpweya umene limatulutsa umaphulika. Mabatire akufa awiri anali akadali kunyumba kwawo, ana akuseweretsa limodzi ngati galimoto. Ndinawauza awabweretse kuti apite kwa ogula zitsulo zakale osawaswa, popeza mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana.

Kuwaonanso

Anabwera patatha masabata awiri. Batire litapuma linali pa 12.7 V, pokoka mafuta 14.4 V, madzi sanasunthe. Mu Malichi zinali chimodzimodzi, ndipo anati sanagulenso babu ngakhale limodzi.

Mu Juni anabwera akudandaula kuti m'mawa sitata ikulemera. Ndinapeza 12.3 V. Kutchaja kunali bwino, koyamwa usiku kunalibe. Nditafunsitsa anavomera kuti madzulo pa siteji amazimitsa injini n'kusiya kiyi wotsegula kuti nyimbo zizilira ndi mafoni a anzawo azitchajidwa, nthawi zina maola awiri, kenako ulendo wotsatira ndi wa makilomita atatu okha. M'kuzizira kwa Juni batire la theka silingakankhe injini ya oyilo wolimba. Ndinalitchaja usiku wonse pa 0.7 A ndipo linabwerera pa 12.7 V.

"Achimwene, sipikayi mugule ya batire lakelake," ndinawauza. Anati aganizira.

Mu Okutobala, atayenda maulendo anayi a ku Moatize, madzi anatsika pang'ono m'zipinda zonse mofanana, zimene n'zoyembekezeka m'kutentha kumeneko. Ndinathiramo a m'botolo. Kusiyana kwa batire ndi waya wakuda kunali 0.2 V. Sipika ikadali pa njinga, ndipo ndinawauza abwerenso mvula ikayamba kuti ndidzatsegule swichi ndione ngati madzi akulowanso.